Kukhuthula mathanki a madzi onyansa a kalavani popanda kudzithira

Amene timakhala cha ku South Bend kapena Elkhart, m'chigawo cha Indiana, timawaona tsiku ndi tsiku makalavani atsopano akukokedwa pamsewu kuchokera kumafakitale a Jayco ku Middlebury, Keystone ku Goshen ndi Forest River ku Elkhart konko. Makalavani ambiri a ku America amapangidwa m'dera lino, choncho si zachilendo kuti banja la Amalawi ligule imodzi yogwiritsidwapo kale ntchito, kuti nyengo yotentha ikafika ana azikagona kunyanja ya Michigan. Ifenso tinatero. Amene anatigulitsa anatisonyeza firiji, chitofu ndi pogona mosamala kwambiri, koma titafika pa mathanki anangoloza pansi n'kunena kuti n'zosavuta. N'zosavutadi, koma pali ndondomeko yake, ndipo ine ndinaiphunzira mochedwa. Ndikulemba izi kuti inu muyambe mukuidziwa.

Zimene zili pansi pa kalavani

Kalavani ili ndi mathanki atatu. Yoyamba ndi ya madzi abwino, akumwa ndi kusamba, ndipo siikutikhudza lero. Yachiwiri imalandira madzi ochokera m'sinki ndi m'bafa. Eni dziko amaitcha gray tank, ife tizingoti thanki yotuwa. Yachitatu ili pansi penipeni pa chimbudzi ndipo imalandira za m'chimbudzi zokhazokha. Imeneyi ndiyo black tank, thanki yakuda. Mayinawa akunena za madzi ake, osati mtundu wa pulasitiki. Makalavani ena aakulu amakhala ndi thanki yotuwa yachiwiri ya kukhitchini kokha, nthawi zina ndi potulukira pakepake, ndiye gwadani muwerenge zogwirira zonse zotsegulira mathanki musanapite kulikonse.

Thanki yakuda ndi yotuwa nthawi zambiri zimatulutsira pakamwa pamodzi, pa mainchesi 3, kawirikawiri mbali ya dalaivala. Thanki iliyonse ili ndi valavu yake, kachitseko kopyapyala kamene kamatsetsereka mukakoka chogwirira. Paipi yonenepa yopita ku valavu ndi ya thanki yakuda, yowonda nthawi zambiri ndi ya yotuwa. Musadalire mtundu wa chogwirira wokha, chifukwa pa kalavani yakale wina akhoza kukhala atasinthapo. Tsatani paipi ndi maso, kenako lembani ndi cholembera chosafufutika pamwamba pa chogwirira chilichonse.

Chinthu chimodzi chimene ndikufuna mugwiritse ndi ichi: thanki yakuda ilibe pampu, ilibe chokolopera, ilibe chilichonse choyenda m'kati mwake. Ndi bokosi lophwatalala lokhala ndi bowo m'mbali. Chimene chimatulutsa zonyansa ndi kulemera kwa madzi basi. Madzi akachepa, zolimba zimatsala. Mavuto pafupifupi onse a thanki imeneyi, fungo, kutsekeka, kunama kwa mageji osonyeza kuti thanki yafika pati, amayambira pa kuumira madzi.

N'chifukwa chake simukhuthula thanki yakuda tsiku lililonse. Dikirani ifike magawo awiri mwa atatu kapena kuposapo. Ngati ulendo watha thanki isanafike pamenepo, pondani chopondera cha chimbudzi madzi alowe mpaka ikwere, kapena thirani ndowa zingapo. Koma musakonde kuyenda mtunda wautali mathanki ali odzaza. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya magaloni 40, amene ali malita pafupifupi 151, ikadzaza ndi katundu wolemera ngati matumba atatu a chimanga atapachikidwa pansi pa kalavani pa zitsulo zochepa chabe.

Zofunika kukhala nazo

Gulani paipi yabwino ya suweji, yokhuthala, ya mafiti 15 kapena 20. Zotchipa zopyapyala zimabooka timabowo tosaoneka, ndipo mumadziwa zabooka madzi akuda ali kale m'kati. Camco ndi Valterra amapanga zodalirika. Mufunikanso chigongono, cholumikizira chopindika cha kumapeto kwa paipi cholowa m'dzenje lokhuthuliramo, ndi kachidutswa ka paipi koonekera m'kati kolumikiza pakamwa pa kalavani. Ena amanyansidwa nako kachidutswaka, koma ndiko kokha kamene kangakuuzeni zoona ngati thanki yayera. Magolovesi otaya mukagwiritsa ntchito akhale bokosi lathunthu, pamodzi ndi ndowa yaing'ono, sopo, ndi nsapato zotseka zimene mungathe kutsuka. Masilipasi ayi.

Ndiyeno paipi yachiwiri yamadzi, yotsukira zonyansa yokhayokha. Ikhale ya mtundu wosiyana ndi paipi yoyera ya madzi akumwa, ndipo ziwirizi zisagone m'bokosi limodzi ngakhale tsiku limodzi. Pano sindinyengerera munthu. Amene tinkatsatira nkhani za kumudzi mu 2022 ndi 2023, kolera itavuta, tikudziwa chimene chimachitika madzi akumwa akakhudzana ndi za m'chimbudzi. Kuno matenda ake amakhala ena, monga norovirus, Giardia kapena hepatitis A, koma njira yake ndi yomweyo: kuchokera m'chimbudzi, kudzera m'manja ndi m'paipi, kufika m'kamwa mwa mwana.

Kokhuthulira

Malo ake amatchedwa dump station: dzenje la suweji lokhala ndi chivindikiro, lozunguliridwa ndi simenti yotsetserekera m'katimo, ndi mpopi wotsukira pambali. M'mapaki a boma ambiri pogona pamakhala magetsi okha, ndipo dump station imakhala panjira yotulukira. Malo ena omwetsera mafuta magalimoto aakulu, monga ena a Flying J ndi Love's, ali nayonso ndipo amalipiritsa. Kutayira pansi, m'ngalande ya madzi amvula kapena m'tchire n'kuphwanya lamulo, ndipo ngakhale madzi otuwa musawayese oyera. Muli mafuta, nyenyeswa za chakudya ndi sopo, ndipo akagona masiku atatu m'nyengo yotentha amanunkha kuposa akuda.

Lamlungu cha m'ma 11 koloko m'mawa aliyense amafuna kutuluka nthawi imodzi ndipo mzere umatalika. Ngati ndi ulendo wanu woyamba, pitani m'mamawa kwambiri kapena dikirani anthu achepe. Munthu akaona magalimoto asanu kumbuyo kwake amayamba kupupuluma, ndipo zolakwika zambiri zimabadwira pamenepo.

Ntchito yeniyeni

Imikani kalavani kuti pakamwa potulukira payang'anane ndi dzenje, pafupi momwe mungathere. Paipi ikakhala yaifupi ndi yotsetsereka bwino, ntchito imapepuka. Mangani buleki, valani magolovesi musanagwire kanthu.

Yambani ndi kumapeto kwa pansi. Tsegulani chivindikiro cha dzenje, lowetsani chigongono, ndipo onetsetsani kuti chakhazikika. Ngati dzenje lili ndi mazinga, potokolani chigongonocho kuti chigwire mazingawo. Ngati lilibe, tsamiritsani chivindikiro pamwamba pake kapena ikanipo mwala wolemera. Madzi a thanki yodzaza amatuluka ndi mphamvu yoti paipi yosagwidwa imadumpha ngati njoka n'kumwaza paliponse.

Tsopano bwerani ku kalavani, koma musathamangire kuchotsa chotsekera cha pakamwa. Choyamba kankhani zogwirira zonse kuti mutsimikize kuti mavalavu ndi otseka mpaka kumapeto. Ine tsiku langa loyamba sindinachite zimenezi. Kapepala kanali katapanikizika mu valavu yakuda, ndipo kwa masiku atatu madzi ankadontha pang'onopang'ono n'kudzaza kampata ka pakati pa valavu ndi chotsekera. Nditangopotokola chotsekeracho, madzi okwana mwina malita awiri anandithira m'manja ndi pa nsapato, mwana wanga wamkazi ataima pomwepo akuonerera. Madzi akatayika saoleka. Chiyambire tsiku limenelo ndimaika ndowa pansi, ndimapotokola chotsekera pang'onopang'ono nkhope ndili nditaipatutsa, ndipo ana amadikira m'galimoto.

Chotsekera chikachoka, lumikizani kachidutswa koonekera kaja ndi paipi. Pakamwapo pali timano tinayi. Kankhani, potokolani mpaka mumve kuti zakolana, kenako gwedezani ndi dzanja muone ngati sizikusuntha. Yang'ananinso kamphira kozungulira ka m'kati mwa cholumikizira. Kakagwa kapena kung'aluka, madzi adzadontha ngakhale mutamanga bwanji.

Pali kachizolowezi kamene ndinaphunzira kwa bambo wina wachikulire amene anaima pambuyo panga pamzere tsiku lina. Musanatsegule yakuda, kokani chogwirira chotuwa kwa masekondi ochepa chabe, mutsekenso. Ngati pali polumikiza pomasuka kapena paipi yabooka, mudziwa ndi madzi a sopo osati a m'chimbudzi. Kumanyowetsanso m'kati mwa paipi kuti zinthu zisamatirire.

Zonse zikakhala bwino, kokani chogwirira chakuda, chonse, kamodzi. Osatsegula theka poopa mphamvu ya madzi, chifukwa mphamvuyo ndi imene mukuifuna. Valavu yotseguka theka imalola madzi kudutsa n'kugwira mapepala. Imani pomwepo, phazi limodzi pafupi ndi chigongono, maso pa kachidutswa koonekera. Mumva kukhuthuka kwamphamvu, kenako phokoso lichepa, kenako timadzi tiyamba kuyenda pang'onopang'ono. Musatseke msanga. Pamenepa m'pamene zotsalira zolemera zimakhala zikukwawa kulowera kubowo.

Kutsuka ndiye gawo limene anthu ambiri amalidumpha, koma ndilo limasiyanitsa thanki yosavuta ndi yovutitsa chaka chonse. Makalavani ambiri atsopano ali ndi polumikizira paipi panja polembedwa kuti black tank flush, pamene pamapopera madzi m'kati mwa thanki. Lumikizanipo paipi yotsukira ija, tsegulani mpopi valavu yakuda ili yotsegula, ndipo muziyang'ana mpaka madzi otuluka ayere. Poyamba amaoneka ngati ayera, kenako mwadzidzidzi pamatuluka chibulumwa cha mapepala, ndiye dekhani. Ena amatseka valavu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti madzi achuluke, n'kutsegulanso kuti atuluke mwamphamvu. Njirayi imathandizadi, koma ili ndi ngozi yaikulu: mukatseka valavu madzi akulowabe, musachoke, musayankhe foni, musayambe kucheza. Thanki ikadzaza madziwo alibe kwina kopita koma kukwera m'chimbudzi n'kusefukira m'nyumba, kapena kutulukira padenga kudzera m'paipi ya mpweya, kapena kuphulitsa thanki imene. Dzanja lanu likhale pa chogwirira nthawi yonseyo.

Ngati kalavani yanu ilibe polumikizira pamenepa, tsekani valavu, wina alowe m'kati athire ndowa zitatu kapena zinayi m'chimbudzi, mutsegulenso. Bwerezani kawiri. Koma pamzere pakakhala anthu, tsukani kamodzi n'kusunthira ena; kutsuka kwa nthawi yaitali kuchitike tsiku lopanda anthu.

Mukakhutira, tsekani mpopi, dikirani madzi athe, kankhani chogwirira chakuda mpaka kumapeto. Chikalimba chisanafike, musachikakamize. Ndiye kuti pali kanthu panjira ya kachitseko. Chikokeninso, thiranimo madzi ena, muyesenso.

Tsopano tsegulani thanki yotuwa. Chifukwa chake imabwera pambuyo n'chakuti madzi a sopo amatsuka m'paipi zonse zimene yakuda yasiya. N'chifukwa chakenso usiku woti mawa mukhuthula ndi bwino kuti onse asambe ndi kutsuka mbale, kuti thanki yotuwa ikhale ndi madzi ambiri. Ngati muli ndi yachiwiri ya kukhitchini, yambani ndi imeneyo poti ndi yamafuta, mumalizire ya kubafa. Zikatha, tsekani.

Pochotsa paipi, yambirani ku kalavani, kumapeto kwa pansi kukadali m'dzenje. Masulani, kwezani m'mwamba kukamwa kwa paipi, ndipo yendani nayo molowera kudzenje mukuitukula pang'onopang'ono kuti madzi otsalira m'makwinya atsike. Ili chikwezere choncho, thiranimo madzi a pampopi wotsukira, koma mlomo wa paipi yamadzi usalowe m'kati kapena kukhudza. Mukatero chotsani chigongono, tsekani paipi mbali zonse ziwiri ndi zotsekera zake, muisunge. Makalavani ambiri ali ndi bampala ya kumbuyo yobooka m'kati yosungiramo paipi imeneyi, ngakhale dzimbiri la m'menemo limaidya pakapita nthawi. Ine ndimasunga m'bokosi lapulasitiki lokhala ndi chivindikiro. Bwezerani chotsekera pakamwa pa kalavani, tsekani dzenje, ndipo tsukani simenti ngati padonthera kanthu. Wobwera pambuyo panu adzagwada pomwepo.

Vulani magolovesi mowatembenuza, tayani m'bini, sambani m'manja ndi sopo musanagwire chiwongolero kapena chitseko. Ndipo mpopi wa pa dump station, umene nthawi zambiri umalembedwa kuti madzi ake si akumwa, musadzazire thanki ya madzi abwino ngakhale utaoneka woyera chotani. Anthu ambirimbiri aulowetsapo m'mapaipi awo a suweji. Mpopi wa madzi akumwa umakhala patali pang'ono, pawokha.

Ntchito siinathe mpaka mutalowa m'kati n'kuthira madzi m'thanki yakuda. Isayambe ulendo wotsatira ili youma. Thirani malita 10 kapena 15 kuti pansi ponse pamire, muwonjezere mankhwala a m'thanki, ndipo musiye timadzi pang'ono m'mbale ya chimbudzi. Timadzi timeneto timatseka fungo ndiponso timateteza mphira wa pakamwa pa chimbudzi kuti usaume.

Pamalo okhala ndi dzenje lanulanu

Malo ena ogona ali ndi dzenje la suweji pa kalavani iliyonse, ndipo paipi imakhala yolumikizidwa masiku onse. Apa m'pamene anthu atsopano amagwa m'mbuna, ndipo inenso ndinagwamo chaka chachiwiri. Ndinaganiza kuti poti paipi ndi yolumikiza, ndingosiya valavu yakuda yotsegula ngati chimbudzi cha m'nyumba. Chimene chimachitika n'chakuti madzi amathawa nthawi yomweyo, zolimba ndi mapepala zimatsala pansi penipeni pa bowo la chimbudzi, zimaunjikana, zimauma, mpaka kupanga chulu. Patatha milungu iwiri chimbudzi chathu chinasiya kutsika. Ndinatseka valavu, kudzaza thanki ndi madzi ndi mankhwala, kudikira masiku awiri kuti chulucho chifewe, kenako kulowetsa kandodo kopopera madzi kudzera m'chimbudzi n'kumachiphwanya pang'onopang'ono. Masiku awiriwo banja lonse linkayenda kupita kuzimbudzi za onse, usiku ndi tochi. Valavu yakuda ikhale yotseka nthawi zonse, kupatula mphindi zimene mukukhuthula.

Yotuwa mukhoza kuisiya yotsegula ngati mumasamba kwambiri, koma pindani paipi pang'ono kuti pakhale kachigwa kosunga madzi, kuti mpweya wa m'suweji ndi tintchentche tating'ono zisakwere kulowa m'kalavani. Muitseke tsiku limodzi musanakhuthule yakuda kuti musonkhanitse madzi otsukira paipi.

Fungo, mapepala ndi mageji

Za mankhwala anthu amakangana kwambiri. Ine ndimagwiritsa ntchito a mtundu wa tizilombo ndi ma enzyme ogaya zonyansa, ndipo ndimapewa okhala ndi formaldehyde chifukwa amapha tizilombo tothandiza m'maenje a suweji a malo ogona. Ku California analetsa kugulitsa mankhwala oterewa kuyambira mu 2022. Koma kunena zoona, palibe mankhwala amene angalowe m'malo mwa madzi. Phunzitsani ana kuti akachita chachikulu ayambe adzaza mbale ndi madzi, ndipo akamatsitsa apondebe chopondera kwa masekondi angapo. Jik musathire wambiri m'thanki yakuda, amaumitsa mphira wa mavalavu, ndipo musamusakanize ndi mankhwala ena alionse.

Mapepala a m'chimbudzi yesani motere: ikani tiwiri m'botolo la madzi, khutchumulani kangapo. Akasungunuka ndi abwino, akatsala athunthu asiyeni. Tinsalu tonyowa topukutira ana, ngakhale pa paketi atalemba kuti tingathe kutayidwa m'chimbudzi, sitisungunuka. Pamodzi ndi mapadi ndi thonje zipite m'bini. Kukhitchini, pukutani mafuta m'mapoto ndi pepala musanatsuke, ndipo madzi oviika poto wa nsima asefeni, chifukwa makoko akafufuma m'thanki yotuwa amamata ngati phala.

Mageji a pakhoma, timagetsi tosonyeza kuti thanki yafika pati, amanama kawirikawiri. Tizitsulo take tili m'khoma la thanki, ndipo kapepala konyowa kakamatirirapo geji imati thanki ndi yodzaza chikhalirecho mwangokhuthula kumene. Thanki yakuda ili ndi chizindikiro chake chodalirika: ikayandikira kudzaza, chimbudzi chimatulutsa thovu lalikulu la mpweya mukachiponda, ngati chikugeya. Yotuwa ikadzaza madzi amayamba kubwerera pansi pa bafa, poti ndi pamene pali potsika kwambiri. Fungo likamalowa m'nyumba potsitsa madzi, zimitsani kaye fani ya padenga la bafa, chifukwa imakoka mpweya kuchokera m'thanki, ndipo kwerani muone ngati mavu kapena masamba sizinatseke paipi ya mpweya.

Mukakhala nthawi yaitali pamalo opanda dzenje, pali kathanki ka matayala kamene mumakhuthuliramo n'kukakokera ku dump station pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda pansi. Onetsetsani kuti n'kakakulu kuposa zimene mukuthiramo. Abale a ku Britain ndi ku South Africa, makalavani anu ambiri alibe thanki yakuda yomangirira. Ali ndi kabokosi ka Thetford kosolola panja kapena kachimbudzi konyamula ka Porta Potti. Kumeneko mumanyamula kabokosiko kupita pamalo otayira za m'chimbudzi, kutembenuza mlomo wake, ndi kudina kabatani kolowetsa mpweya pamene mukuthira kuti zisakuthovukireni, kenako kutsukuluza kawiri kapena katatu.

Kuno ku Indiana chisanu chimayamba kuluma kumapeto kwa Okutobala, ndipo madzi akaundana m'mavalavu amang'amba pulasitiki. Ulendo womaliza wa chaka ndimasankha tsiku la pakati pa sabata, pamene pa dump station palibe munthu, ndimatsuka thanki yakuda mpaka madzi a m'kachidutswa koonekera atayera ngati a pampopi, ndimakhuthula zonse mpaka kudontha kutasiya. Kenako ndimathira mankhwala oletsa kuundana, apinki aja opangira makalavani, m'sinki, m'bafa ndi m'chimbudzi, okwanira kuti ena atsikire m'mathanki n'kukafika pa mavalavu. A galimoto musayerekeze, ndi poizoni. Kapu yomaliza ndimaisiya m'mbale ya chimbudzi, pamwamba pa mphira, kuti udzapezeke uli wofewa mu Epulo.